Difu Yodontha ya Galimoto ya Malemu

Amuna anga anamwalira mpunga uli pafupi kucha, m'masiku a Chitaganya. Anandisiyira ana atatu, nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa msika wa ku Nkhotakota, ndi galimoto yaing'ono yonyamula katundu, imene masiku amenewo tinkati bokosibode. Anabwera nayo kuchokera ku Halale, kumene anagwira ntchito zaka zambiri, pamodzi ndi chifuwa chimene chinadzawapha. Ntchito ya galimotoyo inali kunyamula mpunga ndi nsomba zouma kupita ku siteshoni ya sitima ku Salima, pobwera n'kutenga mchere, sopo ndi palafini wa eni masitolo. Tinkadya zimenezo. Munda tinalibe.

Ine kwathu ndi ku Benga. Ndinalowa Chisilamu pokwatiwa, ndipo ndinakakhala kwa amuna anga, osati iwo kwathu monga ankachitira anzanga. Choncho atamwalira, nkhani ya ine ndi ana inali m'manja mwa akulu awo, alamu anga, mmisiri wokhoma ndi kumata zombo kudooko.

Tsiku la sadaka ya masiku makumi anayi, anthu atabalalika, alamu anakhala kunja kwa mpanda, ine mkati, nandiuza zimene abale anagwirizana.

"Alamu, mukundimva?"

"Ndikumva."

"Galimotoyi ikamayenda, inu mukhala pompano ndi ana anu, muzidya za galimoto. Ikakanika tigulitsa, inu mubwerera ku Benga. Ana ndi athu, tigawana. Tiona pofika tsiku limene mutuluke."

Sanali munthu woipa. Anali ndi akazi awiri ndi ana khumi ndi mmodzi, ndipo anthu ena anayi sakanatha kuwadyetsa. Tsiku lotuluka limene ankanenalo ndi lomaliza eda. Mkazi wamasiye wa Chisilamu amakhala miyezi inayi ndi masiku khumi osachoka pakhomo, osadzola, osaonana maso ndi amuna. Pabanja limenelo mwambowu ankausunga molimba. Ndinali nditatsala ndi miyezi itatu.

Woyendetsa anapezeka. Anali bambo wa ku Nkhunga, wamfupi, wadazi, amene anaphunzira za galimoto kunkhondo. Alamu ankawatcha asilikali, iwo ankawatcha alamu afundi, ndiye kuti mmisiri, ndipo sankatha kulonjerana osatosana.

Vuto la galimotoyo linali kumbuyo. Pakati pa magudumu awiri akumbuyo pali chitsulo chotupa ngati mphika, chimene amati difu. Mkati mwake muli mano achitsulo olumana, ndipo amasambira mu oilo wolemera, wonunkha ngati dzira lowola. Oiloyo akatha, manowo amadyana mpaka kuphwanyika. Difu ina ya galimoto yakale chotero sikanapezeka ngakhale ku Limbe. Yathuyo inkadontha. Inayamba malemu akadali moyo, chaka chawo chomaliza, koma iwo ankangoyenda ndi chitini cha oilo n'kumawonjezera. Mphamvu zolowa pansi pa galimoto zinali zitawathera.

Galimoto inkagona pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwenikweni kwa mpanda wanga wa bango. M'munsi mwa mpandawo nkhuku zinali zitafukula, panali mpata wolowa mkono. Ndikakhala pamphasa n'kumasankha mpunga, ndinkaona magudumu, difu, ndi miyendo ya anthu. Miyezi imeneyo ndinayang'ana chitsulo chimenecho kuposa mmene ndinayang'anira nkhope ya munthu aliyense.

Poyamba asilikali anati ndi gasiketi, chinthu chopyapyala chimene chimakhala pomwe zitsulo ziwiri zakumana kuti oilo asatuluke. Anakhetsera oilo yense m'beseni langa losambitsira ana, limene silinasiyenso kununkha. Anamasula mabawuti, nadula gasiketi yatsopano pa chikatoni cholimba, akuchigogoda ndi kahamala pamwamba pa chitsulocho kuti mabowo atuluke okha. Anamanga, nathira oilo. Ulendo umodzi wa ku Salima unatha bwino. Wachiwiri, pamchenga panali banga lakuda lalikulu ngati mbale.

"Nkhondo ija munaipambana bwanji, asilikali?" anatero alamu.

"Kunalibe omata mabwato kumeneko, n'chifukwa chake."

Kachiwiri anati ndi silo, kamphete kachikopa kamene kamakhala pomwe chitsulo chachitali chochokera ku injini chimalowera mu difu. Anaitanitsa ku Limbe kudzera mwa mmwenye wina wa ku Salima. Inatenga milungu iwiri ndi masiku, galimoto ili chiimire, mpunga wa anthu ukunyamulidwa ndi ena. Itafika anaiviika mu oilo tsiku lathunthu kuti chikopa chifewe, naikhomera pang'onopang'ono ndi kathabwa. Pamenepo panaumadi. Koma patapita sabata oilo anatulukira ku gudumu lakumanzere, nanyowetsa mabuleki. Potsika chitunda china cha kufupi ndi kwathu, galimoto inakokera kumbali, inatsala pang'ono kulowa m'munda wa chinangwa ndi matumba ake onse.

Tsiku limenelo asilikali anakhala pa tayala losinthira. Kenaka anati, osatembenukira kumpanda, "Amayi, ine ndakonzapo magalimoto m'matope ofika m'chiuno. Iyi ikundiseka. Ndikatseka uku ikutulukira uko."

"Musatope nayo, bambo," ndinatero.

Kachitatu anakonza ndi alamu. Anabwera ndi zida zawo za kudooko: thonje lopota, phula, ndi kachitsulo kophwatalala kokhomera thonje m'ming'alu ya chombo, ntchito imene iwo ankaitcha kalafati.

"Chokani apo, asilikali. Chodontha chilichonse n'chimodzi. Ine ndimamata chombo chodzaza matumba, chimaoloka nyanja osalowa madzi okwana chikho. Nanga kamphika aka?"

"Aka si bwato, afundi."

"Ayi, n'kolemekezeka, kanapita kusukulu."

Anamata mozungulira monse, paliponse pomwe zitsulo ziwiri zakumana, ngakhale pamitu ya mabawuti. Ntchito yawo inali yaudongo, sindinama. Galimoto inapita, inabwera, ndipo oilo anali atakankha silo yatsopano ija, akuyenderera ngati mamina a mwana.

Apo n'kuti patatsala masabata atatu kuti ndituluke. Alamu anayamba kubwera ndi munthu wodzaona galimoto. Ndinaona nsapato zofiira zachikopa zikuzungulira, ndodo ikugogoda matayala. Mwana wanga wachisamba, wamkazi, anamva kwa anzake kuti iye adzapita kwa azakhali ake ku Malengachanzi, aamuna awiriwo adzatsala kwa alamu. Anandifunsa ngati n'zoona. Ndinamuuza kuti akatunge madzi.

Ine za galimoto sindinkadziwa kanthu. Chimene ndinali nacho ndi nthawi. Ndinatenga chivundikiro chakale cha poto, choyera mkati, n'kumachikankha ndi nsungwi kudzera pampata paja mpaka pansi pa difu. Ndinkachikoka m'mawa, masana ndi madzulo. Poyamba ndinkangofuna kupulumutsa oilo wotayikayo kuti abwezeremo. Koma patapita masiku ndinaona chinthu. Galimoto ikakhala tsiku lonse osayenda, chivundikiro chinkabwera chouma, ngakhale difu ili yodzaza. Ikangofika kuchokera ku ulendo, madontho ankagwa motsatizana, tho, tho, tho, kenaka n'kumachepa, chitsulo chikazizira n'kulekeratu. Mtsuko wong'aluka sutero. Umadontha nthawi zonse mpaka madzi atsike kupyola mng'alu.

Tsiku lina anafika dzuwa lili paliwombo, ndipo asilikali analowa pansi nthawi yomweyo kuti aone oilo wotsala. Atangomasula chotsekera cha pothirira, ndinamva kuti fyuuu, ngati munthu akuusa moyo.

"Bambo, chalira n'chiyani?"

"Mpweya, amayi. Imatero ikatentha."

"Nthawi zonse?"

"Iyi nthawi zonse."

"Nanga magalimoto a kunkhondo aja ankatero?"

Ndinaona miyendo yawo itasiya kugwedezeka.

"Ayi. Aja anali ndi kopumira pamwamba, kachibowo kokhala ndi kachipewa. Iyi ndinaipapasa tsiku loyamba, palibe. Ndi posalala. Ndinati kaya mtundu wake ndi wotero."

Kwathu amayi ankaphika thobwa logulitsa, ndipo ndinkadziwa chimene chimachitika ukathira thobwa m'chipanda, n'kutseka molimba ndi chitsononkho, n'kusiya padzuwa. Limafuna potulukira, likasowa limang'amba chipandacho pomwe pali pofooka. Ndikuganiza za thobwalo, ndinakumbukira chinthu chimene ndikanakonda kusachikumbukira.

Chaka chimodzi malemu asanamwalire, m'dzinja, mitsinje ya pamsewu wa ku Salima itadzaza, anaoloka ndi galimotoyi madzi ofika m'zitseko. Atafika anapeza oilo wa mu difu wasanduka woyera ngati mkaka. Anaitana akulu awo, nafufuza pomwe madzi analowera, napeza kachibowo pamwamba. Alamu anathyola kachipewa kake, nakhomeramo thonje, namata phula, napaka utoto wakuda kuti pasalale. Onse awiri anakondwa, anamwa tiyi pakhonde akuyamikirana. Kwa anthu okulira m'mabwato, bowo losiyidwa dala kulibe. Thonje limenelo ndinapota ndine, pantchafu panga, ndikuyamwitsa mwana womaliza.

Sindinawauze asilikali tsiku limenelo. Ndikanawauza, nkhani ikanafika kudooko tsiku lomwelo, ndi nthabwala zake, ndipo wosekedwa akanakhala munthu yemweyo amene anagwira ana anga m'manja. Mwamuna wochititsidwa manyazi ndi mkazi wamasiye, pamaso pa munthu wolembedwa ntchito, akhoza kugulitsa galimoto yabwinobwino kuti nkhani ithe. Komanso sindinali wotsimikiza. Mwina bowolo linalibe mlandu, ndikanangonyoza ntchito ya akufa ndi ya amoyo pachabe. Ndinakhala nazo masiku awiri. Mpunga ndinkausankha kawiri umodzimodzi.

Lachisanu alamu anadutsa pochokera kumzikiti, ali okha. Ndinawadziwa ndi mapazi.

"Alamu, ndili ndi mawu."

"Nenani."

"Ndalakwa ndine pa galimotoyi."

"Inu? Mwaiyendetsa liti?"

"Thonje lija ndinapota dzinja lija. Ndikuganiza kuti ndinalipota lolimba kwambiri. Chinthuchi chikulephera kupuma."

"Chitsulo chimapuma?"

Ndinawafotokozera za chivundikiro, za mpweya umene ndinamva, ndi za thobwa. Ndinayankhula motsitsa, ndikuyang'ana mabango. Sanandidule mawu. Nditamaliza, anati:

"Ndiye mukuti ndi thonje."

"Thonje."

"Thonjelo linalowa lokha m'bowo muja?"

Ndinapitiriza kusankha mpunga, iwo nafunsanso.

"Asilikali mwawauza?"

"Ayi. Ndati ndiyambe ndi eni ake."

Anakhosomola. Kenaka anati, "Madzi aja analowa, alamu. Ndinawaona ndi maso angawa. Ndikatsegula, dzinja alowanso."

"Dzinja lili kutali. Ine ndatsala ndi masabata awiri."

Anachoka osalonjeza kanthu.

M'mawa mwake anabwera atavala kabudula wa kudooko, ali ndi mpeni ndi msomali wopinda kunsonga. Anadikira mpaka asilikali atafika.

"Asilikali, bwerani kuno muphunzire. Inu munaoloka nyanja zamchere, munaona maiko, koma simudziwa kuti galimoto imapuma?"

"Ndimadziwa. Iyi ilibe mphuno."

"Ilibe? Gwirani mpeni uwu."

Analowa pansi onse awiri, mitu itagundana. Alamu anapisa dzanja pamwamba pa chitsulo, napeza malowo osayang'ana n'komwe. Anapala utoto, anapala phula, nakola thonje ndi msomali uja. Linatuluka lalitali, lakuda, ngati nyongolotsi. Analiponya pamchenga kufupi ndi mpata wanga, ndipo ndinalizindikira kapotedwe kake.

"Wamata apa ndani?" anafunsa asilikali.

"Mmisiri. Taonani mmene lagwirira. Chaka chathunthu osalowa dontho la madzi."

"Osatulukanso mpweya!"

"Zimenezo galimoto sinandiuze."

Asilikali anaseka mpaka kugunda mutu kuchitsulo. "Afundi, afundi! Mwandimwetsa oilo miyezi itatu!"

"Munakhuta? Ndimati muwonjezere thupi."

"Ndikauza onse kudooko."

"Mukauze. Muwauzenso kuti msilikali wa mfumu anapapasa osapeza, mpaka womata mabwato anamuonetsa."

Za ine sanatchule. Ndinakondwa nazo, chifukwa si dzina limene ndinkafuna.

Ntchito inatenga masiku awiri. Asilikali anatokosa kachibowo ndi waya, nauziramo ndi bango mpaka anamva mpweya ukutulukira pothirira. Silo ija sinang'ambike, inangosuntha, ndiye anaibwezera. Anachotsa gudumu lakumanzere, nasintha kamphete ka kumeneko ndi kakale kamene anakapeza m'bokosi la zida la malemu. Zitsulo za mabuleki anaziwamba pamakala kuti oilo atuluke, utsi wake unatitsokomoletsa tonse mpaka oyandikana nawo nyumba anadandaula. Thonje ndi phula zimene alamu anamata kachitatu kaja anazipala okha, osauzidwa.

Panatsala nkhani ya madzi, ndipo alamu sanaiiwale.

"Nanga dzinja? Bowo lili pululu."

Asilikali anadula kapaipi ka labala pa pampu yakale yopopera matayala. Mbali imodzi anaiveka pa kachibowo, ina anaikweza mpaka pansi pa thabwa la katundu, naipinda kuti iyang'ane pansi. Anati madzi akadzafika pamenepo ndiye kuti galimoto yonse yamira kale. Alamu anamanga kapaipiko ndi mkuzi wa ukonde, mfundo yake ya asodzi, kenaka anatulutsa phula.

"M'mbali mokha, afundi!"

"Ndamva."

"Osatseka kukamwa."

"Ndati ndamva. Mukufuna ndilumbire?"

Ulendo woyamba anabwera masana a tsiku lachiwiri. Galimoto itangoima ndinakankha chivundikiro changa. Ndinadikira, ndikumva chitsulo chikulira pozizira. Nditakoka panali dontho limodzi. Dontho limenelo linandisowetsa mtendere. Ndinawafunsa asilikali, anati ndi oilo wakale wotsalira kunja amene wasungunuka ndi kutentha. Anapukuta difu yonse ndi palafini mpaka inawala. Anamasula chotsekera chija ili yotentha, ndipo sichinalire.

Ulendo wachiwiri chivundikiro chinabwera chouma. Wachitatu chimodzimodzi, mutangogwera maluwa a mango.

Koma alamu nkhani yogulitsa ija sanaitchule. Ankadutsa, kulonjera, n'kupitirira. Nsapato zofiira zija zinabweranso kamodzi, ndipo mwini wake anakaimirira patali ndi alamu, kumene sindikanamva. Ndinayamba kuganiza kuti mwina ndangokonzera wogula galimoto yabwino. Ndinachapa zovala za ana zonse, ndinazipinda milu itatu, kuti zikavuta aliyense asadzasowe zake. Kenaka ndinazisakanizanso, kuopa kuti wamkazi uja angaone.

Tsiku lotuluka, amayi a pabanjapo anandisambitsa, nandiveka nsalu yatsopano. Ndinatuluka pachipata. Abale anali atakhala pamphasa pansi pa mango, amuna uku, akazi uko, ndipo malume anga anali atabwera kuchokera ku Benga kuti zikatero anditenge. Galimoto kunalibe, inali isanabwere ku Salima. Anthu anadya, anacheza, anayamba kuyang'anana. Alamu anati tidikire.

Inafika dzuwa litapendeka pang'ono, yodzaza mchere, fumbi lokhalokha. Inandionekera yaing'ono kuposa mmene ndinkaikumbukira. Asilikali asanazimitse n'komwe injini, alamu ananyamuka, anayala chiguduli, nalowa pansi ndi mkanjo wawo woyera wa Lachisanu. Mkazi wawo wamkulu anafuula kuti audetsa, iwo osamva. Anakhalamo nthawi. Ndinkaona dzanja lawo likuyenda pachitsulo chotenthacho, kutsogolo, m'mbali, kugudumu lakumanzere, kugudumu lakumanja. Atatuluka anayang'ana chikhatho chawo. Munali fumbi lofiira lokha. Anachipukutira pachiguduli.

Onse tinkadikira kuti ayankhule. Iwo anatembenuka, nayang'ana nyumba yanga kuyambira pansi mpaka pamwamba, ngati akuyang'ana chombo chimene abweretsa kuti akonze.

"Udzu uwu sufika dzinja," anatero. "Asilikali, Lolemba musatenge mpunga wa munthu. Mupite kudambo mukatenge udzu, tifolere nyumba ya alamu."

Malume anga anafunsa kuti, "Ndiye ine ndibwerere ndekha?"

"Mugone, mubwerere mawa. Galimoto ikakusiyani pakhomo."

Udzu unabwera Lachiwiri, chifukwa Lolemba tayala linaphulika. Anafolera masiku atatu. Ana anga onse atatu anakulira m'nyumba imeneyo.